Kiyi wa Njira ya ku Mpinda

Usiku umenewo sindinagone ngakhale pang'ono. Ndinakhala tsonga pamphasa, msana uli kukhoma, ndikumvetsera kupuma kwa mwana wanga. Ndaziona anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri, ndipo linali tsiku lachisanu ndi chinayi thupi lake likutentha. Kuchipatala anamubaya chala kawiri, malungo osapezeka. Koma chimene chinandisowetsa tulo sikunali kutenthako, kunali kapumidwe kake. Ankayamba ndi mpweya umodzi wautali, kenaka wina, kenaka wina, kumafulumira pang'onopang'ono ngati chinthu cholemera chikunyamuka pamalo. Akafika pothamanga zedi ankadukiza mwadzidzidzi, n'kukhala zii. Ndikati ndimugwedeze, ankayambiranso poyamba paja.

M'dzanja lake lamanja anali atafumbata chitsulo chimene ndinamupatsa ine ndemwe.

Timakhala ku Thambala, nyumba yachitatu kuchokera pa siteshoni yakale. Ndinabwera chitengwa. Amuna anga, a Lufeyo, ndi alonda ku Limbe ndipo amabwera mwezi ukatha, choncho pakhomo tinalipo atatu: ine, mwana, ndi apongozi anga aamuna, a Dafuleni Mwanyali, amene nyumba yawo ili kuseri kwa nkhokwe. Sitima inaleka kudutsa kwathuko kalekale. Ine ndinapeza njanji ili dzimbiri lokhalokha, mbuzi zikugona pakati pake, amayi akuyanika makaka pa pulatifomu.

Ine ndi apongozi tinkapatsana ulemu monga mwambo ufunira. Chakudya ndinkaika pakhonde pawo, n'kugwada chapatali, n'kulankhula nkhope ili kumbali. M'nyumba mwawo sindinkalowa. Koma nkhani zawo ndinkazimva, chifukwa akakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzawo a bawo, mawu awo ankafika kukhitchini. Ndipo nkhani yawo inali imodzi yokha, ya Mphalapala.

Ankati Mphalapala inali mitu ya sitima yoyendera malasha, isanu ndi umodzi, imene inabwera pa sitima ya pamadzi ili zidutswazidutswa n'kudzailumikiza konkuno. Yakuda bii, mapaipi ake a mkuwa, mawilo aatali kuposa munthu woimirira. Sinkakoka fodya kapena thonje iyo. Inkakoka anthu ndi makalata basi, ndipo masiteshoni aang'ono ngati Thambala inkangowadutsa osaima, mbale n'kumagwedera m'nyumba za m'mbali. Iwo anali fayamani, woponya malasha pamoto. Mituyo ankaiwerenga pazala ngati ana awo. Woyamba anaudula n'kugulitsa zitsulo sitima za dizilo zitabwera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anauchotsa mawilo, unakathera ku fakitale ya tiyi ukuwiritsa madzi. Wachinayi unaolera pa udzu kuseri kwa shedi. Wachisanu akuti unapita kunja. Akafika pa chala cha dzanja linalo ankachipinda msanga, n'kufunsa kuti wosewera ndani tsopano. Anzawo sankafunsa. Ine ndinaziona kangapo zimenezo, koma mpongozi safunsa.

Mvula yoyamba itagwa, denga lawo linadontha. Tsiku limenelo ankapita kumaliro kutsidya kwa phiri, kokagona masiku awiri, ndiye anakokera bokosi lawo lachitsulo pakhonde n'kunena kuti ndiwayanikire zovala. Zovala zokha ndi zimene ananena. Koma pansi pa bokosilo panali kachitini kokulungidwa m'nsanza yakuda ndi mafuta, ndipo nditakanyamula kanaphwasuka m'manja mwanga chifukwa cha dzimbiri. Munatuluka chitsulo cha mkuwa, chotalika ngati chikhatho changa, chokhala ndi bowo kumapeto. Chinali chitabiriwira ndi litsiro. Ine chinthu cha mkuwa chakuda sindingachisiye choncho. Ndinatenga phulusa ndi ndimu, ndinachikwecha mpaka chinawala ngati mphete ya ukwati, ndipo zilembo zinaonekera. Sukulu ndinasiyira Sitandade 6 koma izo ndinawerenga: THAMBALA mbali iyi, MPINDA mbali inayo.

Ndaziona masiku amenewo mano ankamera, ankaluma chilichonse n'kumalira. Anatambasula dzanja, ndinamupatsa. Anachiika kunkhama, chinali chozizira, analeka kulira. Ndinati aseweretse mpaka madzulo. Madzulo atafika sanachisiye. Ndinayesa kumunyengerera ndi nthochi, ndi bere, ndinadikira kuti agone, koma ndikangokhudza zala zake thupi lonse linkauma gwa, maso n'kutembenuka. Apongozi atabwera ndinagwada n'kuwauza kuti zonse zauma bwino. Dzanja la mwana ndinalibisa m'nsalu.

Choyamba kusowa anali madzi. Ndinkatunga ndowa ziwiri madzulo, n'kuvundikira, koma m'mawa ndinkapeza zili theka. Ndinanamizira mbuzi. Ndinalowetsa ndowazo m'nyumba n'kuika mwala pa chivundikiro. M'mawa mwalawo unali pomwepo, madzi theka, ndipo otsalawo anali ofunda.

Kenaka makala. Thumba limene limatitengera mwezi linatha m'masiku anayi, pakamwa pake pali pomanga monga ndinamangira ine. Ndipo mwana ankadzuka manja ali bii ndi mwaye, mpaka m'zikhadabo, pamene ndinamugoneka nditamusambitsa. Fungo lake silinali la makala athu. Linali lowawa kukhosi, losakanikirana ndi mafuta otentha. Ndinali ndisanalimvepo chibadwire.

Tsiku lachisanu ndili kumjigo, Anangozo, mnzanga wogulitsa zitumbuwa, anandikoka nsalu kuti ndikaone njanji. Pamwamba pa zitsulo zonse ziwiri panali poyera mbee, powala, kuyambira pa siteshoni mpaka kumene maso analekezera cha ku Mpinda. Chakumbuyo kwa siteshoni dzimbiri linali chikhalire.

"Amuna ako agula sitima ku Limbe eti?" anatero Anangozo. "Akumabwera nayo mobisa kuopa kuti tingapemphe lifiti. Uwauze ine sindilemera, ndi thako lokhali."

Amayi anaseka, inenso ndinaseka. Koma wina ananena kuti mbuzi zake zaleka kugona panjanji, zikumazungulira kutali, ndipo kuseka kunachepa. Aliyense anasenza ndowa yake. Palibe amene anadutsa panjanji pobwerera, tonse tinalambalala kukadzera kukalavati.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinamva likhweru. Linali kutali, lalitali, lotsika kumapeto ngati munthu woitana mnzake amene akuchedwa. Anzawo a apongozi anapitiriza kusewera, sanamve kanthu. Koma apongozi timiyala ta bawo tinawapulumuka m'manja n'kumwazikira pansi. Mwana kumsana kwanga anadzutsa mutu n'kutembenukira komweko. Chakudya chimene ndinaika pakhonde usiku umenewo ndinachipeza m'mawa chili chivundikirire.

Munthu wina wachilendo ndinakumana naye masana dzuwa lili pamutu, ndikuchokera kuchipatala ulendo wachiwiri. Njira yake imatsata njanji. Anakhala pa mwala wa mailosi, atavala ovolosi ndi chipewa chakale. Ndinapatuka pang'ono n'kupereka moni maso ali pansi, choncho nkhope yake sindinaione. Ndinaona jombo zake. Madzi ankatsika m'miyendo ya ovolosiyo n'kupanga chithaphwi pafumbi, kunja kuli ng'amba yoti nkhuku zinali kukhosi wefuwefu.

Anayankha moni mwaulemu, mawu a munthu wamkulu. Kenaka anati, "Fayamani wanga ndi ameneyo, mayi? Wachepa."

Ndinati sindikumva zimene akunena.

"Moto akuugwira bwino, sindikudandaula. Koma pamlatho tikumabwerera. Anthu atopa m'mabogimu."

Miyendo inandinyamula yokha. Nditafika pa mtengo wa mthethe ndinacheuka. Pamwala panalibe munthu, koma chithaphwi chinalipo, chikuwala padzuwa.

Ndiye usiku umene ndayamba nawo uja, ndili chimvetserere mwana, ndinazindikira chinthu china. Masiku oyamba ankathamanga pang'ono n'kudukiza. Tsopano ankapita nthawi yaitali asanadukize, usiku uliwonse kuposa dzulo lake, ndipo kukhala zii kuja nakonso kunkatalika. Ndinawerenga ndi zala. Panafika poti ndinatha manja onse kawiri mwana asanakokenso mpweya.

Kunja munthu anatsokomola. Ndinamva ndodo, kenaka thupi likukhala pansi pakhonde panga, pafupi ndi chitseko. Apongozi anali asanapondepo pakhonde limenelo chibwerere ine.

"Amake Ndaziona, muli maso?"

Ndinati ndili maso, bambo.

"Musatsegule. Ndayang'ana m'bokosi. Chili ndi mwana?"

Ndinavomera, ndipo ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Analankhula nthawi yaitali, chitseko chili pakati pathu, mawu awo akulowera pansi pake.

Anati chitsulocho ndi kiyi wa njira. Njanji yathuyi ndi imodzi, sitima ziwiri sizingapatukirane, choncho chigawo chilichonse pakati pa masiteshoni awiri chinali ndi kiyi wake mmodzi yekha. Sitima yokhala ndi kiyi ndiyo mwini njira. Wa pa siteshoni ankamangirira kiyi ku mkombero n'kuimirira m'mphepete mwa pulatifomu atautukula, fayamani n'kupisa mkono mumkomberomo sitima ikuthamanga. Pa siteshoni yotsatira fayamani ankaupereka momwemonso. Ndipo lamulo linali lakuti kiyi asanaperekedwe, sitimayo sinafike. Ngakhale aliyense aione ndi maso, m'buku imakhala ikadali panjira.

Mphalapala yachisanu ndi chimodzi inali yawo. Woyendetsa anali a Sandalamu, munthu amene anawaphunzitsa kugwira fosholo, amenenso anawaperekeza kokafunsira mbeta. Tsiku lina la mvula yambiri analandira kiyi pa Thambala pompano, n'kumupachika pa mbedza yake. Atatsetsereka kulowera ku mtsinje wa Namikhate, anaona madzi pamene panayenera kukhala mlatho. A Sandalamu anagwira buleki yawo n'kufuula kuti fayamani apote buleki ya pamanja, imene inali ntchito ya apongozi.

"Sindinapote," anatero. "Ndinalumpha. Ndipo dzanja ili linatenga kiyi pa mbedza lokha, poti fayamani sasiya kiyi. Nthawi yotenga kiyi ndinali nayo, mayi. Yopota buleki ndinalibe."

Mabogi anaima m'mphepete mwenimweni, anthu onse anapulumuka. Mutu wokha unaduka n'kulowa m'madzi ndi a Sandalamu. Kwa akuluakulu apongozi ananena kuti anachita kuponyedwa kunja, ndipo kiyi anapita ndi mtsinje. Akanamutulutsa, akanafunsidwa kuti anamutenga nthawi yanji. Mlatho anamanga wina, kiyi anasula wina, sitima zinayenda zaka zambiri. Koma uyu sanafike ku Mpinda.

"Ndinamukulunga m'nsanza ya mafuta kuti asawale. Akawala, a Sandalamu amamuona."

"Ndinamukwecha ndi phulusa, bambo. Ndi ndimu."

 Apongozi anati ndinachita zimene mayi wa pakhomo amachita, wolakwa ndi iwo. Anati wogwira kiyi ndiye ali pa sitima. Usiku uliwonse akumanyamuka pa Thambala, ndipo usiku uliwonse akumasendera kutsogolo pamlatho. Anandifunsa kuti mwana akumakhala zii nthawi yaitali bwanji. Nditawauza, ndinamva akupuma movutikira.

"Mawa usiku mwanayo sadzabwereranso," anatero.

Ndinafunsa ngati sitingamulande mwanayo mwamphamvu iwo n'kukapereka okha. Anati kiyi salandidwa panjira, amaperekedwa pa siteshoni, ndipo womupereka ndi amene wamugwira. Mwana ayenera kufika naye ku Mpinda, podzera panjanji, kuoloka mlatho. Anandiuza mbali yoyendera, ndi mawu onena. Anandibwerezetsa katatu ngati mwana wa sukulu.

Tambala woyamba atalira ndinatenga lichero langa latsopano, limene mayi anga ananditumizira, n'kulidula ndi mpeni mpaka unatsala mkombero wokha. Ndinapisa luzi pa bowo la kiyi, pakati pa zala za mwana, n'kumangirira kumkomberoko. Ndinamubereka cham'mbali kuti dzanja lake likhale kutsogolo. Thupi lake linkandiotcha m'nthiti kudutsa nsalu ziwiri.

Kunja kutayera ndinapeza apongozi ataima pa pulatifomu ndi ndodo yawo, atavala jekete. Miyendo yawo ndi yotupa, kutchalitchi komwe amapita pa njinga ya kabaza. Ndinati atsale. Anangotsikira panjanji n'kuyamba kuyenda, ine pambuyo.

Kukafika ku Namikhate si kutali, koma tinayenda mpaka dzuwa linatuluka. M'minda anthu ankaweramuka kutiyang'ana, munthu ndi mpongozi wake pakati pa njanji, mkombero wa lichero uli m'manja. Palibe anatifunsa. Titayamba kutsetsereka, zitsulo zinayamba kulira pansi pa mapazi athu, timawu tating'ono ngati mbaula ikamazizira. Kumsana kwanga kunabwera kutentha kosachokera kudzuwa, ndi fungo lija. Mwana anayamba kupuma kwake, mpweya wautali, wina, wina.

"Musacheuke," anatero apongozi.

Pamene mlatho ukuyambira anaima, n'kuloza ndi ndodo pa chitsamba china kumanzere. Anati pamenepo ndi pamene anatsikira. Kenaka anataya ndodoyo, anabwera pambali panga, pafupi kuposa mmene anayandikirapo chikhalire, n'kuika dzanja lawo pamwamba pa kadzanja ka mdzukulu wawo, pa kiyi.

"A Sandalamu," anatero, osakweza mawu. "Ndakwera. Mwanayu musiyeni, fosholo ndi yanga."

Mlathowo mitanda ina inaola, ina anthu anazula. Pansi madzi ofiira ankaoneka m'mipata. Tinkaponda mtanda umodzi, kuima, kuponda wina, iwo atatsamira phewa langa, ine nditagwira lamba wa jekete lawo. Mwana ankathamanga kupuma, kuthamanga, kuthamanga, ndipo titafika pakati penipeni anadukiza.

Ndinaima. Apongozi anati ndisaime, pano ndi pamene sitima imabwerera, ndiyende. Ndinayenda. Ndinawerenga mitanda m'malo mwa zala. Khumi. Khumi ndi isanu. Mutu wa mwana unali lende pa mkono wanga. Mlatho wonse unkanjenjemera, ndipo dzanja laulere la apongozi linkazungulira m'malere, kuzungulira, kuzungulira, ngati akupota chinthu cholimba. Makumi awiri ndi itatu. Phazi langa litaponda miyala ya tsidya linalo, Ndaziona anakoka mpweya ndi mkokomo ngati munthu wovuuka m'madzi.

Apongozi anakhala pansi pomwepo, m'mbali mwa njanji. Anati miyendo yathera pano, ine ndipitirire, ndisapatuke.

Ku Mpinda ndinafika dzuwa litakwera. Ndinayenda ndekha ndi mwana, ndi chija chinali pambuyo pathu, chimene sichinatipitirire ndipo sichinatsalire. Siteshoni ya ku Mpinda ilibe denga, m'ofesi munamera mkuyu. Panalibe munthu, ngakhale mbuzi. Ndinayenda mbali ya pulatifomu monga anandiuzira, maso pansi, n'kutukula mkombero ndi dzanja lamanzere mpaka luzi linakungika.

"Nambala sikisi yafika," ndinatero. "Mabogi onse ali bwino. Landirani njira."

Zala za mwana zinatambasuka chimodzichimodzi. Kiyi analendewera pa luzi. Ndinaponda kawiri, katatu, kenaka mkombero unachoka m'dzanja langa. Sunagwe, chifukwa sindinamve kugwa. Unachoka monga chimachokera chinthu wina akachilandira bwino.

Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso lalitali la nthunzi, ngati madzi athiridwa pa moto waukulu, n'kumachepa, n'kumachepa. Kenaka ndinamva njiwa mumkuyu muja.

Ndaziona anatuluka thukuta mpaka nsalu inanyowa. Analira kulira kwa njala, kumene ndinali ndisanakumve masiku asanu ndi anayi. Ndinakhala pa pulatifomu n'kumuyamwitsa mabere onse awiri, ndikuyang'ana chikhatho chake. Zilembo zinali zitadinda pakhungu, zofiira. Mpaka lero kukazizira zimaoneka pang'ono.

Pobwerera ndinayenda m'mbali mwa njanji. Apongozi ndinawapeza pamene ndinawasiya, atakhala moyang'ana mtsinje. Ndinagwada chapatali.

"Alandira?"

"Alandira, bambo."

Anatukula manja n'kuyamba kuwerenga, mawu ali pansipansi. Woyamba anaudula. Wachiwiri chimodzimodzi. Anapitiriza mpaka dzanja linatha, n'kutambasula chala cha dzanja linalo.

"Wachisanu ndi chimodzi unafika ku Mpinda," anatero. "Mochedwa."

Apo m'pamene ndinaona kuti jekete lawo likudontha. Malaya, buluku, mpaka tsitsi, zonse zinali zonyowa, ndipo pamene anakhalapo panali chithaphwi, kumwamba kulibe mtambo ngakhale umodzi. Ankanjenjemera. Sindinafunse. Ndinamasula nsalu yanga yapamwamba, ndinayandikira, n'kuwafunditsa m'mapewa.